Mapulogalamu a kompyuta ankayenda pa waya wa lamya: mmene BBS inkagwirira ntchito

Pa msika wa Lizulu, ku Zobwe kapena ku Ulongwe, munthu sachedwa kuona anyamata awiri atagundanitsa mafoni, wina akupatsira mnzake pulogalamu pa Bluetooth kapena pa Xender. Chifukwa chake n'chodziwika. Mamega ndi odula, ndipo netiweki ya m'malire imati ikabwera, posakhalitsa yathawa. Vuto lomweli, la njira yodula komanso yosadalirika, ndi lomwe anthu okonda makompyuta ku America analimbana nalo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, intaneti isanafike m'makomo. Njira yomwe anapeza inkatchedwa bulletin board system, mwachidule BBS, ndipo zina mwa nzeru zomwe zinabadwira kumeneko zikugwirabe ntchito m'mafoni a masiku ano.

Dzinali linachokera ku bolodi la zidziwitso, longa lomwe limakhala pakhomo pa chipatala, pasukulu kapena ku ofesi ya zaulimi, pomwe munthu amamatapo pepala, ena n'kudzawerenga pa nthawi yawo. BBS inali bolodi lotero, koma linkakhala m'kompyuta ya munthu wamba, m'nyumba mwake, yolumikizidwa ku foni ya waya. Wina wokhala ndi kompyuta ankaimba nambala ya foniyo, makompyuta awiriwo n'kuyamba kulankhulana. Pakati pawo panalibe kampani ina iliyonse, kupatula ya matelefoni yomwe inkalipiritsa kuimbako.

Inayambira ku Chicago

Mu Januwale 1978 chipale chofewa chinagwa kwambiri mumzinda wa Chicago mpaka misewu inatsekeka. Ward Christensen, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya IBM, analephera kupita kuntchito ndipo anaimbira foni mnzake Randy Suess. Awiriwa anali mamembala a kalabu ya anthu okonda makompyuta yotchedwa CACHE. Pa misonkhano ya kalabuyo pankakhala bolodi lomwe anthu ankabayapo timapepala: wina akugulitsa chipangizo, wina akufuna womuthandiza, wina akulengeza tsiku la msonkhano. Maganizo awo anali oti bolodi limenelo likhale m'kompyuta, kuti munthu asamadikire tsiku la msonkhano.

Anagawana ntchito. Christensen analemba pulogalamu, Suess analumikiza zipangizo. Kompyutayo inaikidwa kunyumba kwa Suess chifukwa iye ankakhala mumzinda momwemo, pomwe Christensen ankakhala kunja kwa mzinda, ndipo anthu ambiri akanalipira zochepa poimbira nambala ya m'tauni. Pa 16 Febuluwale 1978 inayamba kulandira mafoni, ndipo anaitcha CBBS. Mu Novembala chaka chomwecho awiriwa anafotokoza mmene anaipangira m'magazini ya Byte, osabisa kanthu. Anthu a m'mizinda ina anawerenga, n'kupanga zawo.

CBBS yoyambayo inali makamaka ya mauthenga. Koma ma BBS omwe anatsatira anawonjezera nkhokwe ya mafayilo, ndipo kwa anthu ambiri nkhokweyo ndi yomwe inkawakokera ku foni usiku uliwonse. M'masiku amenewo masitolo ogulitsa mapulogalamu anali ochepa, ndipo mapulogalamu ake anali okwera mtengo. Munthu wogula kompyuta yaing'ono nthawi zambiri ankadzilembera yekha pulogalamu yowerengera ndalama, yosindikizira makalata kapena kamasewero ka ana. Akamaliza, ankafuna kuti ena ayigwiritsenso ntchito, mwinanso kuikonza pomwe yalakwika.

Kuimba kwake kunkachitika chonchi

Waya wa lamya unapangidwa kuti uzinyamula mawu a munthu, pomwe kompyuta imadziwa manambala awiri okha, 0 ndi 1. Choncho pankafunika kabokosi kotchedwa modemu. Ntchito yake inali kusandutsa manambalawo kukhala kamluzu kokwera ndi kotsika, ndipo modemu ya kutsidya inkamva kamluzuko n'kukabwezeranso m'manambala. Mamodemu ena akale anali ndi timakapu tiwiri ta labala, momwe munthu ankakhazikamo chogwirira cha foni ataimba nambala ndi chala chake. Mu 1981 kampani ya Hayes inatulutsa modemu yomwe inkaimba yokha. Munthu ankangolemba zilembo ATDT ndi nambala ya foni, basi.

Kenako pankamveka kulira kwa foni, ndi phokoso lokhala ngati wailesi yomwe sinagwire siteshoni. Apo mamodemu awiri anali akugwirizana za liwiro. Zikayenda bwino, pa sikirini pankatuluka mawu akuti CONNECT. Koma nthawi zambiri pankatuluka akuti BUSY, chifukwa ma BBS ambiri anali ndi foni imodzi yokha. Munthu mmodzi akalowa, ena onse ankadikira, monga pa mjigo umodzi wa m'mudzi. N'chifukwa chake aliyense ankapatsidwa nthawi yoyeza, kawirikawiri mphindi 30 kapena ola limodzi pa tsiku, ndipo ikatha kompyuta inkadula foni osafunsa.

Wolowa ankalemba dzina ndi mawu ake achinsinsi. Panalibe zithunzi zodina ndi chala. Pankabwera mndandanda wa zilembo, ndipo pa ma BBS ambiri M inkatsegula mauthenga, F inkatsegula mafayilo, G inali yotsanzikira. M'nkhokwe ya mafayilo munthu ankaona dzina la fayilo, kukula kwake, tsiku lomwe inaikidwa ndi mzere umodzi kapena iwiri yofotokoza ntchito yake. Pa makompyuta a DOS dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8 ndi zina 3 kumapeto, kotero munthu ankaphunzira kuwerenga mayina odulidwa ngati mmene wamsika amawerengera zizindikiro za pa matumba.

Chomwe ankayang'ana poyamba chinali kukula kwa fayilo, ndipo apa masamu ake ndi osavuta. Modemu ya liwiro la 300, yomwe inali yofala poyamba, inkanyamula zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Mawu ankatuluka pa sikirini pang'onopang'ono moti munthu ankatha kuwerenga akubwera. Pulogalamu ya zilembo 100,000 inkatenga pafupifupi ola lathunthu. Chithunzi chimodzi cha mamega 3, chonga chomwe foni ya lero imajambula paukwati, chikanatenga maola oposa 27. Liwiro linakwera kufika pa 1,200, kenako 2,400, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linafika pa 14,400. Ngakhale pa 2,400, mega imodzi inkadya nthawi yoposa ola.

Kutumiza pang'onopang'ono, kuyeza chilichonse

Kuchedwa sikunali vuto lokhalo. Waya wa lamya umakhala ndi phokoso, makamaka mvula ikamagwa kapena mawaya akakalamba. Anthu awiri akamalankhula, kaphokoso sikasokoneza kwenikweni, wina amangoti bwerezani. Koma mu pulogalamu ya kompyuta, chilembo chimodzi chikasintha panjira, pulogalamu yonse ikhoza kukana kugwira ntchito, ola lonse lija n'kupita pachabe.

Christensen anali atapeza kale yankho mu 1977, BBS isanabadwe. Njira yake, yomwe inadzadziwika ndi dzina lakuti XMODEM, inkadula fayilo m'tizidutswa ta zilembo 128. Chilembo chilichonse m'kompyuta chili ndi nambala yake. Kompyuta yotumiza inkaphatikiza manambala a m'kachidutswa n'kumata yankho kumapeto kwake. Yolandira inkaphatikizanso payokha. Mayankho akafanana, inkavomera kuti kachidutswa kotsatira kabwere. Akasiyana, inkakana, ndipo kachidutswa komweko kokha ndi komwe kankatumizidwanso. Zili ngati wogula kachewere amene sadikira kuti lole idzaze kenako n'kumakangana za kulemera kwake. Thumba lililonse limakwera pa sikelo, ndipo loperewera limabwezedwa lokhalo, ena onse n'kupitirira.

Christensen sanagulitse nzeru imeneyi. Anaipereka kwaulere kuti aliyense agwiritse ntchito, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chomwe inafalira. Makompyuta a nthawi imeneyo anali a mitundu yambiri yosamvana, moti disiki ya wina sinkawerengeka pa kompyuta ya mnzake. XMODEM inakhala chiyankhulo chomwe onse ankamva.

Panatsala vuto limodzi lopweteka mtima. Foni ya m'nyumba inali imodzi, ndipo mayi kapena mwana akanyamula chogwirira m'chipinda china kuti aimbe, kulumikizana kunkaduka, pa sikirini n'kutuluka mawu akuti NO CARRIER. Ndi XMODEM, fayilo inkayambiranso pachiyambi. Mu 1986 Chuck Forsberg anatulutsa ZMODEM, yomwe inkatha kupitiriza kuchokera pomwe yadukira. Aliyense amene anaonapo vidiyo ikupitiriza kulowa m'foni netiweki itabwerera amadziwa ubwino wa zimenezi.

Wotenga aziikaponso

Mwini BBS ankatchedwa sysop, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza woyendetsa makina. Ambiri sankalandira malipiro. Ankagula okha kompyuta, kulipira foni yachiwiri ndi magetsi, n'kuisiya yoyaka usana ndi usiku. Ena omwe analibe foni yachiwiri ankatsegula BBS usiku wokha, banja likagona.

Nkhokwe yomwe anthu amangotapamo osathiramo siichedwa kuuma, ndipo ma sysop anaona zimenezi msanga. Ambiri anaika lamulo lakuti munthu akakopera mafayilo angapo, aikeponso imodzi yomwe palibe. Apa ndi pomwe mapulogalamu ankayendera kuchoka mumzinda wina kupita ku wina. Kuimba foni m'dera lomwelo kunali kotsika mtengo, m'madera ena kunali kwaulere munthu akalipira pa mwezi, koma kuimbira kutali kunali kodula kwambiri. Munthu mmodzi ankalimba mtima n'kuimbira BBS yakutali pakati pa usiku, mtengo utatsika, kukatenga pulogalamu yatsopano. Mawa lake ankaiika pa BBS ya kwawo, anzake onse n'kuipeza pa mtengo wapafupi. Lamuloli linali ndi kuipa kwake: ena ankaika mafayilo opanda ntchito, kapena akale atawasintha dzina, pofuna kungokwanitsa chiwerengero.

Kudula kwa mphindi kunabalanso luso lopanikiza mafayilo kuti achepe, monga mmene thonje limapanikizidwira m'belo. Kuyambira 1985 ma BBS ambiri ankagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ARC, ya kampani ya System Enhancement Associates. Mnyamata wina wa ku Milwaukee, Phil Katz, analemba yake yothamanga kwambiri yomwe inkatsegula mafayilo omwewo, ndipo mu 1988 kampaniyo inamutengera ku khoti. Mlanduwo unathera pa kugwirizana kuti asiye. Mu 1989 Katz anatulutsa PKZIP, yokhala ndi kapakidwe katsopano kotchedwa ZIP, ndipo anafotokoza poyera mmene kamagwirira ntchito kuti aliyense akatsatire. Ma sysop ambiri, omwe anakwiya ndi mlandu uja, anasandutsa nkhokwe zawo kukhala za ZIP m'kanthawi kochepa.

Lawani kaye, mulipire pambuyo

Pa ma BBS panakuliranso malonda a mtundu wachilendo. Mu 1982 Andrew Fluegelman analemba PC-Talk, pulogalamu yoimbira ndi modemu, ndipo m'malo moitsekera m'sitolo anauza anthu kuti aziikopera ndi kugawana momwe angafunire. Woikonda ankapemphedwa kutumiza madola 25 pa positi. Chaka chomwecho Jim Knopf anachita chimodzimodzi ndi PC-File, yosungira zolemba, ndipo mu 1983 Bob Wallace anatulutsa PC-Write, yolembera makalata. Njira imeneyi inadzatchedwa shareware. Panalibe wapolisi wokakamiza munthu kulipira. Ambiri sankalipira, koma olipirawo ankakwana kuti olemba ena asiye ntchito zawo n'kudalira zimenezi. Opanga masewero anaikonza pang'ono: gawo loyamba laulere, magawo otsatira ogula. Ndi mmene masewero otchuka a Doom anafalira mu Disembala 1993.

Si zonse za m'nkhokwe zomwe zinali zololedwa. Ma BBS ena ankagawa mapulogalamu a makampani popanda chilolezo, ndipo ena anatsekedwa ndi apolisi, makompyuta n'kulandidwa. Choopsa kwambiri kwa munthu wamba chinali fayilo yonyenga, yolembedwa kuti ndi pulogalamu yothandiza koma ikatsegulidwa n'kufufuta zonse za m'kompyuta. Pakati pa zaka za m'ma 1980 ogwiritsa ntchito ma BBS anayamba kufalitsa mndandanda wa mafayilo oterewa, wotchedwa The Dirty Dozen, womwe unkawonjezedwa nthawi ndi nthawi. Mu 1995 panatuluka fayilo yotchedwa PKZ300B, yodzionetsa ngati PKZIP yatsopano. Kampani ya Katz inali isanatulutse PKZIP ya nambala imeneyo, ndipo inachenjeza anthu kuti fayiloyo ndi yowononga. Onyengawo anasankha dzina lomwe aliyense ankalikhulupirira.

Chitetezo chenicheni chinali sysop. Pa BBS yoyendetsedwa bwino, fayilo yatsopano sinkaoneka kwa anthu mwini wake asanaiyese. Munthu watsopano ankafunsidwa dzina lenileni ndi nambala ya foni, ndipo ma sysop ambiri ankamuimbira kuti atsimikize asanamutsegulire nkhokwe. Woika fayilo yoipa ankadziwika ndipo ankathamangitsidwa. Popeza ambiri oimba anali a dera limodzi, ankakumananso maso ndi maso, ndipo mbiri yoipa inkamutsata munthu. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi fayilo ya APK yomwe imayenda lero kuchoka m'foni kupita m'foni, kapena m'magulu a WhatsApp, ikulonjeza mamega aulere kapena ngongole ya msanga. Palibe amene anaiyesa, ndipo amene waipereka nayenso anangoilandira kwa wina. Kompyuta ya mu 1985 ikawonongeka, munthu ankataya makalata ndi masewero. Foni ya mlimi wa lero imasunga ndalama za fodya, soya kapena kachewere, ndipo pulogalamu yololedwa kuwerenga mauthenga a SMS imatha kuonanso manambala otsimikizira omwe amabwera momwemo.

Galu wonyamula makalata anafika mpaka kuno

Poyamba BBS iliyonse inali ngati chilumba. Mu 1984 Tom Jennings wa ku San Francisco anapangitsa kuti ma BBS aziimbirana okha usiku n'kupatsirana mauthenga. Anaitcha FidoNet. Fido ndi dzina lofala la galu kumeneko, ndipo chizindikiro chake chinali galu ataluma disiki. Usiku uliwonse pankakhala ola limodzi lomwe anthu sankaloledwa kuimba, kuti makompyuta apatsirane makalata. Mauthenga a tsiku lonse ankapanikizidwa pamodzi n'kutumizidwa pa kuimba kumodzi kwakufupi. Kalata inkadumpha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo inkatha kutenga tsiku kapena masiku angapo kuti ifike, koma mtengo wake unali wochepa. Dziko lonse linagawidwa m'zigawo 6, ndipo Africa inali chigawo cha nambala 5.

Njira yopangidwira waya waphokoso ndi mphindi zodula inali yoyenera kwambiri kum'mwera kwa Africa. Mu 1989 yunivesite ya Rhodes ku Grahamstown, komwe tsopano kumatchedwa Makhanda ku South Africa, inayamba kutumiza ndi kulandira makalata a pakompyuta kudzera mu FidoNet, polumikizana ndi kompyuta ya Randy Bush ku Portland, m'dziko la America. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka inayamba kugwiritsa ntchito FidoNet mu 1991, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe inabala ZAMNET mu 1994. Ku Malawi, makalata oyamba a pakompyuta anayenda chimodzimodzi kuchokera ku Chancellor College ku Zomba. Ku Mozambique, m'zaka zomwe dziko linkatuluka m'nkhondo, nthambi ya makompyuta ya yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo inkaimbira ku Rhodes pogwiritsa ntchito njira ina yofanana nayo, yotchedwa UUCP: kusonkhanitsa makalata, kuimba mwachidule, kupatsirana, kudula.

Koma m'maiko ano BBS sinakhale chosangalatsa cha m'makomo monga ku America. Inali chida cha mayunivesite ndi mabungwe a m'mizinda ikuluikulu. Midzi ya ku Angonia, Tsangano ndi Makanga inalibe waya wa lamya woti modemu ilumikizidwepo, ndipo mabanja ambiri anadzagwira foni yawo yoyamba itakhala kale ya m'manja. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom mu 2003, Movitel mu 2012.

Ku America ma BBS anafika pachimake cha m'ma 1994, pomwe magazini ya InfoWorld inayerekeza kuti analipo 60,000 otumikira anthu 17 miliyoni. Patangopita zaka zochepa ambiri anali atatsekedwa. Intaneti inalola munthu kuimba nambala imodzi yapafupi n'kufika kulikonse, osadikira kuti mnzake atuluke pa foni. Ochepa alipobe lero, ambiri mwa iwo akufikiridwa kudzera pa intaneti yomweyo.

Randy Suess anamwalira mu 2019, ndipo Ward Christensen mu 2024. Phil Katz anamwalira kale mu 2000, ali ndi zaka 37 zokha. Kapakidwe kake ka ZIP ndi komwe kamagwiritsidwa ntchito m'mafayilo a Word a masiku ano, komanso mu fayilo iliyonse ya APK. Pulogalamu yomwe anyamata aja akupatsirana pa msika, ikatsegulidwa m'kati, zilembo zake ziwiri zoyambirira ndi PK.